Belu Lili pa Mwendo Uti? Za Kusamutsa Interrupt pa Microcontroller

Mai amene akuphika nsima kukhitchini, uku akuyembekeza alendo, ali ndi njira ziŵiri zodziŵira kuti alendowo afika. Njira yoyamba ndi yakuti azisiya mthiko kaŵirikaŵiri nkumakasuzumira pakhomo. Akatero nsima ichita mibulu, ndiponso mlendo wa changu angathe kufika, kuima pang'ono, nkubwerera pa nthaŵi imene maiwo aloŵanso kukavundula. Njira yachiŵiri ndi imene imadziŵika m'mudzi uliwonse. Mai amapitiriza ntchito yao khutu lili tcheru, ndipo akamva kuti "Odi!" amaphula mphika, nkukalandira mlendo, kumpatsa mpando, kenaka nkubwerera kukapitiriza pomwe adalekezera.

Akatswiri a makompyuta adazipatsa maina njira ziŵirizi. Yosuzumirasuzumira ija amaitcha polling, pamene yodikira kuitanidwa amaitcha interrupt, ndiye kuti kumdula munthu pa ntchito imene akugwira. Nkhani ya sabata ino ndi ya njira yachiŵiriyi, makamaka funso limene limasautsa ophunzira a zamagetsi ndi amisiri omwe. Ngati nyumba ili ndi makomo 20, koma odi amamveka pa makomo aŵiri okha, kodi mwini nyumba angathe kusamutsira khutu lake pa khomo lina?

Kanthu kakuda ka miyendo yambiri

Amene adasuzumirapo m'kati mwa mita ya magetsi yogulira mayunitsi, kapena m'kabokosi koyang'anira batire la sola, adaonamo kanthu kakuda kokhala ndi timiyendo tasiliva m'mbali mwake ngati bongololo. Nthaŵi zambiri kanthuko ndi microcontroller, imene ndi kompyuta yathunthu yopanikizidwa m'malo ochepa ngati nsonga ya chala. M'kati mwake muli mbali yoŵerengera, mbali yosungira pulogalamu, ndi mawotchi. Zipangizo zotere zidayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1970. Kampani ya Texas Instruments idatulutsa TMS1000 m'chaka cha 1974, ndipo ya Intel idatulutsa 8051 m'chaka cha 1980.

Miyendo ija, imene pa Chingerezi amati pin, ndiyo makomo a nyumbayi. Pa miyendo ina pamaloŵera mphamvu ya magetsi, pa ina pamatulukira malamulo oyatsa nyale kapena pampu, ndipo pa ina pamaloŵera zizindikiro zochokera kunja. Microcontroller wamba imagwira ntchito imodzi pa nthaŵi imodzi, monga mai wophika uja. Ikamalemba manambala pa galasi loonetsera, siikhala ikuyang'ana pakhomo.

Chimene chimatayika munthu akapanda kumva odi

Omvera ayerekeze kuti alimi a mthirira agula pampu imodzi, ndipo agwirizana kuti aliyense azilipira molingana ndi madzi amene aloŵa m'munda mwake. Mmisiri wamangirira pa paipi kachipangizo kotchedwa YF-S201. M'kati mwake muli kagudumu kokhala ndi maginito, ndipo madzi akamadutsa kagudumuko kamazungulira nkumatumiza zizindikiro za magetsi, pafupifupi 450 pa lita iliyonse. Madzi akamayenda malita 10 pa mphindi, zizindikirozo zimakwana 75 pa sekondi imodzi.

Tsono ngati microcontroller ikuŵerenga mwa njira yosuzumira, ndipo pa masekondi 10 aliwonse imatha sekondi imodzi ikutumiza uthenga wa pa foni, alendo 75 amafika nkubwerera osalandiridwa. Lita imodzi mwa malita 10 aliwonse siilembedwa. Pakutha kwa mwezi ndalama sizikwana, ndipo msungichuma wosalakwa ndiye amayamba kulozedwa chala.

Interrupt imachotsa vuto limeneli. Magetsi akangosintha pa mwendo, m'kati mumakwera kambendera, ngati kuti belu lalira. Microcontroller imatsiriza lamulo limodzi limene lili m'manja, nkusunga nambala ya pomwe yalekezera, nkuyang'ana pa mndandanda wosonyeza kumene kuli yankho la belu lililonse. Kenaka imathamangira ku kapulogalamu kakafupi kotchedwa ISR, kamene pano ntchito yake ndi kungoonjeza 1 pa chiŵerengero cha zizindikiro, ndipo ikatero imabwerera. Pa bolodi lodziŵika la Arduino Uno, wotchi ya m'kati imagunda ka 16,000,000 pa sekondi, ndipo kutembenukira ku belu kumangofuna kugunda kunai. Ntchito yaikulu ija siizindikira nkomwe kuti idadulidwa.

Makomo aŵiri okha

Ntchito ya Arduino idayambira ku Ivrea, m'dziko la Italy, m'chaka cha 2005, ndipo bolodi la Uno lidatuluka m'chaka cha 2010. Mtima wake ndi microcontroller yotchedwa ATmega328P, yopangidwa ndi kampani ya Atmel, imene idagulidwa ndi Microchip m'chaka cha 2016. Bolodili lili ndi miyendo 20 yoti mmisiri agwiritse ntchito, yoyambira 0 mpaka 13, ndi ina yoyambira A0 mpaka A5. Koma mabelu oima paokha alipo aŵiri basi. Lina ndi INT0, limene lili pa mwendo 2, ndipo lina ndi INT1, limene lili pa mwendo 3. Mwambo wa mabelu aŵiriwu ndi wakale, pakuti 8051 ya 1980 ija nayonso idali ndi INT0 ndi INT1, pa miyendo yotchedwa P3.2 ndi P3.3.

Zifukwa zofunira kusamutsa belu sizisoŵa. Mwina alimi aja ndi atatu, ndipo aliyense afuna mita yakeyake. Mwina mwendo 3 ukufunika pa ntchito ina, popeza ndi umodzi mwa miyendo isanu ndi umodzi yokha imene imatha kuchepetsa kapena kuonjeza liŵiro la mota. Mwinanso, ndipo ichi ndicho choŵaŵa kwambiri, mabolodi adasindikizidwa kale ku fakitale, ndalama zidapita, ndipo mmisiri wazindikira mochedwa kuti waya wa madzi adaulunjikitsa ku mwendo 7.

Choonadi chimene wophunzira ayenera kuchilandira msanga ndi chakuti pa ATmega328P, INT0 ndi INT1 sizisamuka. Njira yochokera pa mwendo 2 kupita ku belu lake idaumbidwa m'kati mwa silikoni pa tsiku lopanga, ndipo palibe mau a pulogalamu amene angaifukule. Ambiri amasokonezeka chifukwa cha lamulo lotchedwa attachInterrupt, limene limafuna kuti munthu alembe nambala. Amaganiza kuti akalemba 7, belu lipita pa mwendo 7. Koma nambalayo ndi ya belu, si ya mwendo ai. Pa Uno, belu 0 ndi mwendo 2, ndipo belu 1 ndi mwendo 3. Pa bolodi la Leonardo zimatembenuka, belu 0 limakhala pa mwendo 3. Munthu akalemba nambala ya belu limene kulibe, pulogalamu imaloŵa bwinobwino osadandaula, koma chiŵerengero cha madzi chimangokhala pa 0. Nchifukwa chake opanga Arduino amalangiza kugwiritsa ntchito lamulo la digitalPinToInterrupt, limene limamasulira nambala ya mwendo kukhala nambala ya belu molingana ndi bolodi. Lamuloli ndi womasulira chabe, silisamutsa kanthu.

Mankhwala oyamba tsono ndi a manja. Mmisiri amadula kanjira ka mkuwa ndi mpeni, nkuotcherera kawaya kuchokera pamene pafika chizindikiro kupita ku mwendo 2. Mankhwala achiŵiri ndi kugula bolodi lalikulu, monga Arduino Mega, limene lili ndi mabelu oima paokha pa miyendo 2, 3, 18, 19, 20 ndi 21. Koma alipo mankhwala achitatu, amene ali kale m'kati mwa ATmega328P.

Belu limodzi la chipinda chonse

Miyendo ya microcontroller imakhala m'mabanja otchedwa port. Pa Uno, miyendo 0 mpaka 7 ndi banja D, miyendo 8 mpaka 13 ndi banja B, ndipo A0 mpaka A5 ndi banja C. Banja lililonse lili ndi belu limodzi logaŵana, lotchedwa pin change interrupt. Polimasula pamafunika kulemba m'timabokosi ta m'kati totchedwa register. M'kabokosi ka PCICR mmisiri amatsekula banja limene akulifuna, ndipo m'timabokosi ta PCMSK0, PCMSK1 ndi PCMSK2 amasankha miyendo imene iloledwe kuliza belu. Motero mwendo 7 uja umapeza mau popanda mpeni kapena moto.

Komabe belu logaŵana lili ndi khalidwe lake. Lili ngati belu limodzi la chipinda chonse cha odwala m'chipatala. Likalira, namwino amadziŵa chipinda, koma sadziŵa bedi. Kuti adziŵe, pulogalamu iyenera kusunga mmene miyendo idaliri belu lisanalire, ndi kuyerekeza ndi mmene iliri tsopano.

Chachiŵiri ndi chofunika kwambiri. INT0 ndi INT1 zimatha kuuzidwa kuti zizilira pokhapo magetsi akamakwera, kapena pokhapo akamatsika. Belu logaŵana silisankha. Limalira magetsi akakwera, nkuliranso akatsika. Chizindikiro chimodzi cha madzi chimaliza belu kaŵiri, kotero kuti mmisiri akangosamutsa waya osakonza pulogalamu, lita imodzi iŵerengedwa ka 900 m'malo mwa ka 450. Mlimi amene mita yake ili pa mwendo 7 adzalipira kuŵirikiza kaŵiri mnzake wa pa mwendo 2, chonsecho madzi ndi ofanana. Pulogalamu iyenera kufunsa nthaŵi iliyonse ngati mwendo uli pamwamba kapena pansi, nkumaŵerenga mbali imodzi yokha.

Chachitatu ndi mkangano wa malo. Pulogalamu yodziŵika yotchedwa SoftwareSerial, imene amisiri ambiri amaigwiritsa ntchito polumikiza Uno ndi kachipangizo kotumizira mauthenga a pa foni, imatenga mabelu ogaŵana onse atatu kukhala ake. Mmisiri akalemba yankho lakelake la belu limodzi mwa atatuwo, kompyuta imakana kumanga pulogalamuyo, imati belu limodzi lapatsidwa eni aŵiri. Zikatero ayenera kusankha china chosiya.

Kumene kusamutsa kumatheka

Omvera achikulire amakumbukira lamya za kale, pamene munthu wa ku ekisichenji ankatenga chingwe nkuchisomeka pa chiboo cha nambala imene woimba akuifuna. Opanga ma microcontroller ena adaika ekisichenji yotere m'kati mwa silikoni, ndipo pamenepo ndi pomwe mau akuti kusamutsa amakhala ndi tanthauzo lenileni.

Chitsanzo choyamba ndi banja la STM32, la kampani ya STMicroelectronics, limene lidayamba kutuluka m'chaka cha 2007. Mabanja a miyendo yake ndi A, B, C ndi ena otero, ndipo banja lililonse limafika miyendo 16, yoyambira 0 mpaka 15. Mizere ya mabelu a miyendo iliponso 16, yotchedwa EXTI0 mpaka EXTI15. Mzere 0 umatha kulumikizidwa ku PA0, kapena PB0, kapena PC0, malinga ndi nambala imene mmisiri walemba m'kabokosi kotchedwa EXTICR. Ufulu ulipo, koma uli ndi malire ake. Chiboo chimodzi chimalandira chingwe chimodzi. PA0 ndi PB0 sizingakhale ndi belu pa nthaŵi imodzi, ndipo PA3 siingapite ku mzere 0. Mmisiri amene waika mamita aŵiri pa PA0 ndi PB0 adzapeza kuti wolembedwa pomalizira walanda mzere, ndipo winayo wangoti zii.

Pali msampha wina umene wagwetsa ambiri. Mbali ya silikoni imene imasunga EXTICR, yotchedwa AFIO pa STM32F1 ndi SYSCFG pa STM32F4, imakhala ili mtulo kufikira wotchi yake itayatsidwa. Kulembamo isanadzuke kuli ngati kulankhula ndi munthu wogona. Mzere umangokhalabe pa banja A, kumene umayambira magetsi akangoyaka. Ndiponso pa mitundu iŵiriyi mizere 5 mpaka 9 imagaŵana yankho limodzi, chimodzimodzinso mizere 10 mpaka 15, kotero ntchito ya namwino yofufuza bedi imabweranso.

Chitsanzo chachiŵiri ndi ma PIC a kampani ya Microchip amene ali ndi njira yotchedwa Peripheral Pin Select. Pa ma PIC16 otere, mmisiri amangolemba nambala ya mwendo m'kabokosi ka INTPPS, ndipo belu limapita komweko. Pa ma PIC24F, INT1 ndi INT2 zimasamuka, koma INT0 idakhomeredwa pa mwendo wake. Opanga adazindikira kuti chinthu chimene chimasamuka mosavuta chingasamukenso mwangozi, pulogalamu ikasokonezeka. Motero adaikapo loko. Pa ma PIC16, kuti loko atseguke kapena atsekeke, pulogalamu iyenera kulemba nambala 85 kenaka 170 motsatizana m'kabokosi ka PPSLOCK, popanda chodula pakati. Manambalaŵa adasankhidwa dala, pakuti m'kalembedwe ka kompyuta 85 ndi 01010101 pamene 170 ndi 10101010, ndipo nkovuta kuti ziŵirizi zilembeke motsatizana mwangozi. Mmisiri angathenso kulamula kuti loko akatsekedwa kamodzi, asatsegukenso mpaka chipangizo chitayambanso kuyaka.

Chitsanzo chachitatu ndi zipangizo zatsopano, monga ESP32 ya kampani ya Espressif ya ku Shanghai, imene idatuluka m'chaka cha 2016, ndi RP2040 ya Raspberry Pi, ya m'chaka cha 2021. Pa zimenezi mwendo uliwonse wa ntchito wamba umatha kuliza belu, ndipo umasankha kukwera kapena kutsika kwa magetsi. Ngakhale zili choncho, si mwendo uliwonse umene uli womasuka. Pa mabolodi ambiri a ESP32, miyendo 6 mpaka 11 imalumikizidwa ku mosungira pulogalamu, ndipo woigwira amaimitsa chipangizo chonse. Miyendo 34 mpaka 39 ndi yolandira chabe, ndipo ilibe resistor ya m'kati yoigwira kuti isagwedezeke. Mwendo wosagwiridwa uli ngati chitseko chopanda mpiringidzo pa tsiku la mphepo, umangoliza belu kulibe mlendo. Pamenepo mmisiri ayenera kuotcherera resistor yakeyake kunja.

Dongosolo la pa tsiku losamuka

Kaya ndi chipangizo chiti, amisiri ozama amatsata masitepe anai. Poyamba amatseka belu. Kenaka amasintha njira. Chachitatu amatsitsa kambendera. Pomaliza penipeni ndi pomwe amatsekula belu. Chifukwa chake ndi chakuti ngati mwendo wakale udali pansi, pamene watsopano uli pamwamba, kusinthako pakokha kumaoneka ngati magetsi akwera, ndipo kambendera kamakwera popanda chochitika kunja. Pa mita ya madzi chizindikiro chimodzi chabodza sichipweteka. Koma ngati belulo ndi loyatsira mota ya makina odulira, ngozi yake ndi ya zala za munthu. Chodabwitsa ndi chakuti pa ATmega328P ndi pa STM32F1, kambendera kamatsitsidwa polembapo 1, osati 0, ndipo ophunzira ambiri amataya tsiku lathunthu asanazindikire zimenezi.

Mphamvu ya magetsi nayo iyenera kufunsidwa. Uno imayendera mavoti 5, pamene STM32, ESP32 ndi RP2040 zimayendera mavoti 3.3. Pa STM32 miyendo ina imapirira mavoti 5, ndipo m'buku la opanga imalembedwa kuti FT, koma ina siipirira. Kusamutsa chizindikiro cha mavoti 5 kuchoka pa mwendo wa FT kupita pa mwendo wamba kungathe kuupsereza, ndipo mwendo wopsa suchira.

Potsiriza, belu likasamuka, malamulo a kalandiridwe ka mlendo sasintha. Kambendera ndi kamodzi, sikaŵerenga. Alendo atatu akafika mwini nyumba asanayankhe woyamba, iye amangodziŵa kuti kwabwera munthu, osati angati. Nchifukwa chake ISR iyenera kukhala yaifupi, yongolemba nkubwerera, ndipo ntchito zolemera monga kutumiza uthenga zisiyidwire pulogalamu yaikulu. Mai uja akachedwa kucheza ndi mlendo woyamba, wachiŵiri abwerera pakhomo, ndipo nsima nayo izizira.

Funso lija tsono lili ndi mayankho atatu, malinga ndi nyumba. Pa ATmega328P belu loima palokha silisamuka, koma mwendo uliwonse ungathe kubwereka belu la banja lake. Pa STM32 belu limasamuka kuchoka banja lina kupita lina, malinga nambala ya mwendo ikhale yomweyo. Pa ma PIC a Peripheral Pin Select, pa ESP32 ndi pa RP2040, ufulu ndi waukulu, koma miyendo ina ili ndi eni ake kale.

Zonsezi zidalembedwa m'buku lotchedwa datasheet, limene kampani iliyonse imalipereka mwaulere pa intaneti. La ATmega328P lili ndi masamba mazanamazana, koma zimene zakambidwa pano zili pa chithunzi cha miyendo cha kumayambiriro ndi m'mutu wonena za external interrupts. Wophunzira amene akukonzekera kupanga mita, msampha wa akuba kapena choyezera mvula, ayambe walemba pa pepala zizindikiro zonse zimene siziyenera kuphonyedwa, azipatse miyendo ya mabelu poyamba, ndipo nyale ndi zina zosafulumira zilandire miyendo yotsala. Madzulo amodzi oŵerenga ndi otsika mtengo kuposa mabolodi 50 odulidwa ndi mpeni. Akuluakulu adanena kale kuti safunsa adadya phula.